Kamera Ikafika M'mudzi: Malamulo ndi Zilolezo Zojambulira Kanema ku Dowa ndi ku Ntchisi

Tsiku la msika pa Mponela, pa Madisi kapena pa Malomo, galimoto ikhoza kuima pambali pa msewu ndi kutsitsa alendo onyamula makamera, zingwe ndi magetsi owalitsira. Ana amathamangira komweko, amayi ogulitsa tomato amakonza zitenje zawo, ndipo posakhalitsa ntchito yojambula imayamba. Wina akafunsa kuti zithunzizo zikupita kuti, yankho limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti alendowo ali ndi kalata yochokera ku Lilongwe. Mawu amenewa amatseka pakamwa anthu ambiri, chifukwa amaganiza kuti kalata ya ku likulu yatha zonse.

Phunziro lino likufotokoza kuti kalata ya ku likulu ndi khomo loyamba chabe. Wojambula kanema amayenera kugogoda pa makomo angapo, lililonse ndi mwini wake: boma, khonsolo, mfumu, woyang'anira malo, ndipo pomaliza munthu amene nkhope yake ikujambulidwa. Chilolezo cha khomo limodzi sichitsegula khomo linzake. Mzika yodziwa zimenezi imatha kulandira alendo mwaulemu popanda kutaya ulemu wake, ndipo dera limapindula popanda kudyeredwa masuku pamutu.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza maboma awiriwa

Mu 2017 gulu la akatswiri a kanema linamanga misasa m'boma loyandikana nalo la Kasungu kukajambula filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind. Filimuyi imasimba za William Kamkwamba, amene anabadwira ku Dowa mu 1987 nakulira m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, komwe ali ndi zaka 14 anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa. Anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, ndipo mbali yaikulu ya zoyankhula zake ili m'Chichewa. Woyimba wa kuno Lily Banda anasewera ngati mlongo wake wa William, pamene William mwiniyo anaseweredwa ndi mnyamata wa ku Kenya, Maxwell Simba. Mu 2019 filimuyi inayamba kuonetsedwa pa Netflix, ndipo minda, misika, maliro ndi Gule Wamkulu wa m'chigawo chapakati zinaonedwa ndi anthu a m'mayiko ambiri.

Nkhaniyi ili ndi maphunziro awiri. Loyamba ndi lakuti midzi ya m'chigawo chino ili ndi nkhani zimene dziko lapansi lifuna kuona, ndipo ntchito yojambula ikabwera imadza ndi maganyu, malonda a zakudya ndi malo ogona. Lachiwiri ndi lakuti kanema amakhala wa amene anamupanga. Filimu ya Kamkwamba, ngakhale inajambulidwa pa dothi la Malawi, inakapikisana nawo pa mphoto za Oscar m'dzina la dziko la Britain, chifukwa kumeneko ndiko kunali opanga ake. Mudzi umapindula ndi zimene unagwirizana ndi ojambulawo kamera isanayatsidwe. Alendo akapakira katundu wawo ndi kupita, nthawi yokambirana imakhala yatha.

Dowa ndi Ntchisi ali ndi zambiri zokopa makamera: mapiri a Dowa ndi a Kongwe, nkhalango ya Ntchisi, mishoni yakale ya Mvera imene inatsegulidwa mu 1889, kampu ya anthu othawa kwawo ya Dzaleka, minda ya fodya ndi ya soya, ndiponso magule a makolo. Ambiri mwa obwera ndi makamera si a mafilimu akuluakulu. Ndi a mabungwe amene akujambula za ntchito zawo kuti akaonetse opereka thandizo, a makampani otsatsa malonda, oyimba ojambula nyimbo zawo, ndi alendo oika zithunzi pa YouTube ndi pa Facebook. Makomo amene atchulidwa pano akukhudza onsewa, aliyense molingana ndi kukula kwa ntchito yake.

Khomo loyamba: boma

Lamulo lalikulu pa nkhani ya kanema m'dziko muno ndi Censorship and Control of Entertainments Act, limene linakhazikitsidwa mu 1968. Lamuloli limayang'anira kapangidwe ndi kaonetsedwe ka kanema, masewero a zisudzo ndi malo a zisangalalo, ndipo ndilo linakhazikitsa bungwe la Censorship Board. Wofuna kupanga filimu amapita ku bungweli kukafotokoza nkhani imene akufuna kujambula ndi kupempha chilolezo. Filimu ikatha, bungwe lomweli limaiunika isanaonetsedwe pagulu ndi kunena msinkhu wa anthu oyenera kuionera.

Kwa ochokera kunja pali maofesi ena owonjezera. Atolankhani ndi ojambula nkhani zenizeni amalembetsa ku unduna woona zofalitsa nkhani kuti apatsidwe chiphaso chowazindikiritsa. Nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko imapereka zikalata zolola mlendo kukhala ndi kugwira ntchito muno, pakuti chiphaso cha mlendo wodzangoona malo si chiphaso cha ntchito. Bungwe lotolera msonkho la Malawi Revenue Authority limalemba makamera ndi zipangizo zina polowa, kuti zidzatulukenso ntchito ikatha.

Mzika ya m'wodi siyenera kuloweza maofesi onsewa. Chofunika ndi kudziwa kuti zikalata zotere zilipo, ndipo mtsogoleri wa dera ali ndi chifukwa chokwanira chopempha kuziona. Kalata yoona imakhala ndi dzina la ofesi imene yaipereka, chidindo, tsiku, dzina la wopatsidwa ndi ntchito imene yaloledwa. Kalata yolola kujambula za ulimi wa mthirira siisanduka chilolezo chojambula odwala m'chipatala, ndipo kalata ya chaka chatha si ya chaka chino.

Khomo lachiwiri: khonsolo

M'mizinda ikuluikulu ya kunja ntchito yopereka zilolezo za malo ojambulira ili m'manja mwa khonsolo. Mzinda wa New York unatsegula ofesi yakeyake ya ntchitoyi mu 1966, ndipo mzinda wa Cape Town uli ndi ofesi ya zilolezo za kanema pamodzi ndi malamulo ake. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: kujambula filimu kumatseka misewu, kumasonkhanitsa khamu, kumabweretsa phokoso ndi zinyalala, ndipo amene amamva kuwawa kwa zonsezi ndi okhala pamalopo, osati a ku likulu.

Kuno kwathu maziko a mphamvu za khonsolo ndi lamulo la Local Government Act la mu 1998, chaka chimene dziko linavomerezanso ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu. Lamuloli limapatsa makhonsolo udindo woyendetsa chitukuko cha m'maboma, kuyang'anira misika ndi malo ena a anthu onse, kutolera ndalama za ziphaso, ndi kukhazikitsa malamulo awoawo oyendetsera dera. Choncho wofuna kujambula mumsika wa khonsolo, pa depoti ya basi, pa bwalo la masewero kapena pa sukulu ya boma ayenera kuyamba wafika ku ofesi ya bwanamkubwa pa boma la Dowa kapena la Ntchisi.

Ku ofesiyo wojambula amaonetsa zikalata zake za ku likulu ndi kufotokoza masiku, malo, chiwerengero cha anthu ndi magalimoto, komanso ngati padzakhala zinthu zodzidzimutsa monga moto, mfuti zoseweretsa, yunifolomu ya apolisi kapena khamu lothamanga. Bwanamkubwa ndiye amamulozera kwa mkulu woyenera: wa zamaphunziro ngati ndi pa sukulu, wa zaumoyo ngati ndi pa chipatala, wa zankhalango ngati ndi m'nkhalango. Msewu sutsekedwa popanda apolisi, makamaka msewu wa M1 umene umadutsa pa Mponela ndi pa Madisi, pomwe pamadutsa ambulansi ndi magalimoto a katundu usana ndi usiku.

Khansala wa wodi ndi mlatho pakati pa khonsolo ndi anthu. Uthenga ukachoka pa boma uyenera kufika kwa iye, kwa komiti ya chitukuko ya dera ya ADC ndi kwa komiti ya m'mudzi ya VDC masiku angapo alendo asanafike. Amayi a mumsika akadziwa msanga kuti mzere wawo udzatsekedwa kwa theka la tsiku, amakhala ndi mpata wokambirana za chipukuta misozi cha malonda amene adzatayike.

Khomo lachitatu: mfumu ndi miyambo

Malo ambiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi ndi a makolo, ndipo mlendo salowa m'mudzi modumpha eni ake. Ulendo umayambira kwa mfumu yaikulu ya dera, kaya ndi kwa Msakambewa, Chiwere, Mkukula, Dzoole, Kayembe kapena Chakhaza ku Dowa, kaya ndi kwa Nthondo, Kasakula, Kalumo, Chikho kapena Chilooko ku Ntchisi. Kuchoka apo uthenga umatsikira kwa agulupu ndi kwa anyakwawa a mudzi umene ntchito idzachitikire. Mfumu ikalandira alendo imatha kufunsa mwaulemu kuti: "Takulandirani, alendo athu. Kodi mwadzera kwa a DC? Nanga zimene mujambulezi zikaonetsedwa kuti, ndipo adzaonere ndani?" Mafunso awa si mwano. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Nkhani yofunika kusamala kwambiri ndi ya Gule Wamkulu. Bungwe la UNESCO linalengeza gule ameneyu mu 2005 kukhala chimodzi mwa zikhalidwe zamtengo wapatali za mtundu wa anthu, ndipo mu 2008 linamulemba pa mndandanda wake m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Kutchuka kumeneku kwachulukitsa ofuna kumujambula. Koma zimene zimavinidwa pa bwalo n'zosiyana ndi zimene zimachitika ku dambwe. Za pa bwalo zimaonedwa ndi aliyense, ndipo mfumu ya mzinda pamodzi ndi akuluakulu a gule akhoza kulola kuti zijambulidwe. Za ku dambwe, za ku manda ndi za ku tsimba la chinamwali zili ndi eni ake, ndipo palibe kalata ya ofesi imene ingatsegule malo amenewo. Ngakhale mfumu siipereka chilolezo chotere payokha popanda akuluakulu a mwambowo ndi anamkungwi.

Malamulo a dziko amaikirapo kumbuyo. Lamulo la Copyright Act la mu 2016 limateteza luso la makolo, monga nyimbo, magule ndi nthano, ndipo limanena kuti umwini wake uli m'manja mwa boma m'malo mwa anthu a Malawi. Wofuna kugwiritsa ntchito luso lotere pofuna phindu, kunja kwa mwambo wake, ayenera kupeza chilolezo. Bungwe la COSOMA, limene linayamba ntchito mu 1992, ndilo limathandiza pa nkhani za umwini wa luso. Choncho gulu la Chimtali, la Mganda kapena la Chisamba likapemphedwa kuvina pamaso pa kamera ya kampani yotsatsa malonda, lili ndi ufulu wofunsa za malipiro ndi za kumene nyimbo zawo zikamveke.

Malo okhala ndi malamulo akeake

Pali malo ena m'maboma awiriwa amene ngakhale khonsolo ndi mfumu sangapereke chilolezo chake paokha.

Nkhalango ya Ntchisi inaikidwa m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1924, ndipo pamwamba pa phirilo pali mitengo ikuluikulu yachilengedwe imene yatsala m'malo ochepa m'chigawo chapakati. Nkhalangoyi, pamodzi ndi ya Kongwe ndi ya mapiri a Dowa, ili pansi pa nthambi ya zankhalango motsatira lamulo la Forestry Act la mu 1997, limene limaletsa kudula mitengo ndi kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo. Gulu lojambula limabwera ndi majenereta, mafuta ndi anthu ambiri, ndipo m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala kamoto kakang'ono kamatha kupsereza phiri lonse. Dziko la Thailand linaphunzira movutikira: pojambula filimu ya The Beach, imene inatuluka mu 2000, gombe la Maya Bay linasalazidwa ndi kusinthidwa maonekedwe, ndipo mlandu wake unatha zaka zoposa 20 m'makhoti mpaka mu 2022, pamene khoti lalikulu linalamula kuti malowo akonzedwenso. Kukonza kumatenga nthawi yaitali kuposa kuwononga. Makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe ayenera kukhalapo pamene alendo akulowa m'nkhalango ndi pamene akutuluka.

Kumalire a Ntchisi kuli malo osungirako nyama zakutchire a Nkhotakota, amene kuyambira mu 2015 akuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, ntchito imene inakopa makamera a m'mayiko ambiri. Chilolezo chojambulira mkati mwa mpandawo chimachokera kwa oyang'anira malowo. Koma wojambula akatuluka kukafunsa alimi a m'midzi yoyandikana za njovu zowononga mbewu, wabwereranso pa khomo la khonsolo, la mfumu ndi la mlimi mwiniyo.

Kampu ya Dzaleka inatsegulidwa mu 1994 pa malo amene kale anali ndende ya andale, ndipo lero mukukhala anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda. Chikondwerero cha Tumaini, chimene chinayamba mu 2014, chimabweretsa oyimba ndi ojambula ambiri. Wofuna kujambula m'kampumu amapempha chilolezo ku nthambi ya boma yoona za othawa kwawo ndi kwa oyang'anira kampu. Kusamala kumeneku kuli ndi chifukwa chachikulu: ena mwa okhalamo anathawa anthu amene akuwafunabe, ndipo nkhope yawo ikaoneka pa intaneti, moyo wawo ndi wa abale awo otsala kwawo ukhoza kukhala pachiswe.

Ku Mvera kuli malo a asilikali, ndipo ku Lumbadzi, kumalire a Dowa ndi Lilongwe, kuli bwalo la ndege la Kamuzu International. Malo a chitetezo ngati amenewa sajambulidwa popanda chilolezo cha eni ake. Nkhaniyi ikukhudzanso tindege touluka popanda munthu, totchedwa drone, timene ojambula ambiri akugwiritsa ntchito masiku ano. Dziko lino silikutidana nato, pakuti mu 2017 boma ndi bungwe la UNICEF anatsegula ku Kasungu dera loyeserako tindegeti pa ntchito zothandiza anthu. Koma kutiulutsa kumafuna chilolezo cha akuluakulu oyang'anira za maulendo a pandege, ndipo pafupi ndi bwalo la ndege kakhoza kuchititsa ngozi yoopsa. Kandege kotere kamaonanso kuseri kwa mpanda, ku bafa ndi ku dambwe, komwe munthu woyenda pansi sakanafika. Mudzi uli ndi ufulu wouza wojambula mbali zimene kandegeko sikayenera kudutsa.

Khomo lomaliza: munthu mwini

Zikalata zonse zikakwana, pamatsala khomo limodzi limene boma, khonsolo ndi mfumu sangatsegule m'malo mwa mwini wake. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 amateteza ulemu wa munthu mu ndime 19, ndipo mu ndime 21 amateteza chinsinsi cha munthu, nyumba yake ndi katundu wake. Lamulo la Data Protection Act la mu 2024 linawonjezera chitetezo pa kasungidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka mbiri ya munthu. Tanthauzo lake m'mudzi ndi lakuti mayi amene sakufuna kujambulidwa akusinja pakhomo pake akhoza kukana, ngakhale anyakwawa atavomera kuti alendo ajambule m'mudzimo. Kukana kwake si kunyoza mfumu, ndipo sikuyenera kumuchotsetsa pa mndandanda wa olandira thandizo lililonse.

Ojambula ambiri amabwera ndi fomu yoti munthu asayine kapena adinde chala. Fomuyi nthawi zambiri imapereka kwa opanga kanema ufulu wogwiritsa ntchito nkhope ndi mawu a munthuyo kulikonse, kwa nthawi yonse, popanda kudzalipiranso. Pachifukwa ichi fomu iyenera kuwerengedwa ndi kumasuliridwa m'Chichewa ndi munthu amene wosayinayo amamukhulupirira, monga mphunzitsi kapena mlangizi wa m'deralo, osati womasulira wa alendowo yekha. Wosayina atsale ndi pepala lake. Asanavomere ayenera kumva mayankho a mafunso awa: kanemayu ndi wa yani, akaonetsedwa kuti, dzina lake ndi la mudzi wake zidzatchulidwa kapena ayi, ndipo akadzasintha maganizo adzauza ndani. Chithunzi chikangofika pa intaneti sichibwezeka. Bambo amene anafotokoza za matenda ake poganiza kuti akaonera ndi azungu okha akhoza kudzapeza kanemayo pa foni ya mnansi wake pa Mponela.

Ana amafuna chitetezo choposa. Kuyambira mu 2017 malamulo oyendetsera dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la mu 2010 limaika ubwino wa mwana patsogolo pa china chilichonse. Mwana savomera yekha kujambulidwa. Amavomera ndi kholo kapena womulera, ndipo pa sukulu chilolezo cha mphunzitsi wamkulu sichilowa m'malo mwa cha makolo. Lamulo la ntchito la Employment Act la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndi kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito yoika moyo kapena maphunziro ake pachiswe. Mwana wotenga mbali mufilimu asajombe ku sukulu chifukwa cha kamera, asagwire ntchito usiku, ndipo pakhale wamkulu wa kwawo nthawi zonse. Kuvula mwana zovala zabwino ndi kumuveka sanza kuti aoneke wosauka pofuna kukopa thandizo ndi kumuchotsera ulemu umene adzaufune akadzakula.

Za ndalama ndi mgwirizano

Ndalama ndi imene imagawanitsa mudzi alendo akapita. Njira yopewera mikangano ndi kulemba zonse poyera. Ndalama iliyonse yoperekedwa ku khonsolo ikhale ndi lisiti ya khonsolo. Ya mwini munda, mwini nyumba kapena mwini ngolo ipite kwa mwiniyo mwachindunji. Imene yaperekedwa ku mudzi wonse ilengezedwe pa msonkhano ndi kulembedwa m'buku la VDC, pamodzi ndi ntchito imene idzagwire, kaya ndi kukonza mjigo kapena kufolera chipinda cha sukulu.

Mgwirizano wabwino umatchula masiku ndi maola a ntchito, malipiro a tsiku a onyamula katundu, ophika, alonda ndi oonekera m'khamu, tsiku lolipira, ndi amene adzakonze zowonongeka monga mbewu zopondedwa kapena mpanda wogwetsedwa. Malipiro atsirizike galimoto yomaliza isananyamuke, pakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mudzi ukhozanso kupempha kuti kanemayo akatha adzaonetsedwe pa bwalo la mfumu kapena pa sukulu, kuti amene anajambulidwa adzione okha. Pempho limeneli silidya ndalama zambiri, ndipo wojambula wa zolinga zabwino salikana.

Zimene chilolezo sichiyenera kukhala

Malamulo amenewa sanaikidwe kuti akhale msampha wokolera alendo. Mudzi umene mtsogoleri aliyense amatulukira ndi msonkho wakewake, wopanda lisiti, umathamangitsa ntchito imene ikanapindulira achinyamata ake, ndipo ojambula amauzana za malo ovuta. Kupempha ndalama ya m'thumba kuti kalata idindidwe ndi katangale, ndipo ndi mlandu kwa wopempha ndi wopereka yemwe.

Chilolezo si chida chobisira zolakwika. Ndime 35 ndi 36 za malamulo oyendetsera dziko zimateteza ufulu wolankhula ndi ufulu wa atolankhani, ndipo lamulo la Access to Information Act linayamba kugwira ntchito mu 2020. Mtolankhani wojambula mlatho wogumuka, chipatala chosatha kumangidwa kapena mzere wa pa depoti ya feteleza akugwira ntchito yothandiza anthu a m'wodi omwewo, ndipo mtsogoleri asamuletse ponamizira kuti alibe kalata ya mfumu. Mzika yojambula ndi foni yake ntchito ya chitukuko imene yaima ili mkati mwa ufulu wake, malinga ngati ikulemekeza chinsinsi cha anthu ena.

Ndipo wojambula akalakwitsa, yankho si kulanda kamera kapena kumenya munthu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu angapo m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi ena a kumwera, ndipo ena mwa okayikiridwa anali alendo chabe m'maderawo. Mlendo wonyamula zipangizo zosadziwika, wofika m'mudzi popanda uthenga, akhoza kukumana ndi tsoka lotere. Apa ndi pamene phindu lenileni la kudzera pa makomo onse limaonekera: limateteza mudzi kwa mlendo, ndipo limatetezanso mlendo ku mphekesera. Pakakhala chokayikitsa, anyakwawa aimitse ntchitoyo mwamtendere ndi kudziwitsa khansala, apolisi kapena ofesi ya bwanamkubwa.

Mwayi wa achinyamata a m'maboma muno

Si onse ojambula amene ndi alendo. Amalawi apanga mafilimu amene atchuka kunja, monga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise a Shemu Joyah, komanso Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula, imene inapata mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice mu 2016. Pa Dowa, pa Mponela ndi pa Ntchisi pali achinyamata amene akujambula nyimbo za makwaya ndi masewero afupiafupi. Iwonso amadzera pa makomo omwewa: kudziwitsa khonsolo ndi mfumu, kupempha eni malo, kulemba mgwirizano ndi osewera, kusagwiritsa ntchito nyimbo ya wina popanda chilolezo, ndi kupititsa filimu ku Censorship Board isanaonetsedwe pagulu. Bungwe la opanga mafilimu la Film Association of Malawi ndi malo amodzi opezako uphungu. Wachinyamata wodziwa ndondomeko imeneyi, wodziwanso njira za m'mapiri ndi maina a mafumu, ndi amene alendo amamufuna kuti awatsogolere, ndipo imeneyo ndi ntchito ya malipiro.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa VDC kapena wa ADC

1. Ndi malo ati m'wodi muno amene sayenera kujambulidwa, ndipo ndani angauze alendo za malowo asanayambe ntchito?

2. Uthenga wochokera ku ofesi ya bwanamkubwa umatenga masiku angati kuti ufike kwa anyakwawa, ndipo ungafulumizitsidwe bwanji?

3. Ndani m'mudzi amene angawerengere anthu fomu ya Chingerezi ndi kuimasulira mokhulupirika?

4. Ndalama yoperekedwa ku mudzi wonse ingasungidwe ndi kulengezedwa motani kuti pasakhale kukayikirana?

5. Ndi mfundo ziti zimene khansala angapititse ku msonkhano wa khonsolo kuti ziganiziridwe pokonza malamulo a khonsolo okhudza kujambula kanema?

Komiti iliyonse ikulimbikitsidwa kulemba mayankho ake ndi kuwapereka kwa khansala wa wodi, kuti tsiku limene galimoto ya makamera idzaime pa msika, mudzi udzakhale utagwirizana kale chonena.